Odi wa Selevasi

Amene munakhalako ku Tsangano nyengo yokumba mbatatesi mukuidziwa nkhungu yakumeneko. Imatsika dzuwa likadali pamutu n'kumeza msika wonse, moti mawu a mnzako umawamva koma nkhope yake osaiona. Nkhani iyi inachitika mu nkhungu yoteroyo, ndipo mwini wake ndi Gelevazio, amene anali ndi vidiyo shoo kuseri kwa chigayo.

Shooyo inali chipinda chimodzi cha zidina, chopanda zenera, pakhomo atatchingapo chiguduli. M'katimo munali mabenchi, wailesi yakanema pamwamba pa mgolo, ndi waya wopita ku jenereta panja. Koma anthu sankabwerera zimenezi. Ankabwerera pakamwa pa Gelevazio. Iye ankakhala pambali ndi maikolofoni, n'kumaika Chichewa m'kamwa mwa azungu ndi Matchaina a m'mafilimu. Chizungu chake chinathera Fomu 2, komatu zimenezo sizinkamuletsa. Mzungu akamakamba zake za nyengo, Gelevazio ankati, "Iwe, mlongo wako uja wandikana!" anthu n'kufa nalo phwete. Aliyense wa mufilimu ankapatsidwa dzina la munthu wa pamsika pomwepo. Wonenepa ankakhala wogulitsa nyama ya mbuzi, wothamangitsidwa ndi agalu ankakhala katekisiti. Eni mayina akamva ankangopukusa mutu, ena mpaka ankanyadira.

Gelevazio anali ndi mkulu wake, Selevasi, amene anapita ku Joni. Zaka zoyamba ankaimba foni, ankatumiza mabulangete. Kenako kunangoti zii. Anzake obwera kutchuthi ankapereka nkhani zosiyana: wina anamuona ku Durban, wina anamva kuti anadwala, wina sankafuna n'komwe kukambapo. Mkazi wake, Nanyoni, ankasoka zovala pakhonde la sitolo, ndipo analera yekha mwana wawo Sitela mpaka kumukwatitsa. Munthu akamuyamba nkhani ya mwamuna wake, ankangopondaponda makina mpaka wofunsayo atatopa.

Gelevazio yekha ndi amene ankaikamba nkhaniyi, koma mwachipongwe. "Mtchona ameneyo! Akudya nkhuku ndi akazi a ku Joni, ife tikukumba mbatatesi." Ankatero mokweza, ndipo ankafuna kuti zikhale zoona, chifukwa munthu amene akudya nkhuku ndiye kuti ali moyo. Mkulu wakeyo ankamukonda kwambiri. Ndiye anamuphunzitsa kupalasa njinga, ndiye anamugulira wailesi yakanema ija.

Tsiku lina m'mulu wa zimbale zimene Gelevazio anakaoda ku Ntcheu munapezeka chimodzi chopanda chithunzi. Atachiika anapeza kuti ndi gawo limodzi la sewero lakale la pa kanema la ku Mangalande, lija lopanda mitundu, loyera ndi lakuda basi. Munali chombo chouluka pakati pa nyenyezi, chooneka ngati mbale ziwiri zovundikirana, ndipo ukayang'anitsitsa unkaona ulusi umene anachimangirira. Amuna a m'chombomo ankavala zovala zonga matumba, kumutu atavala zipewa zozungulira zokhala ndi galasi kutsogolo. Mmodzi anatuluka kunja kukakonza china chake. Ali kunjako, chinthu chosaoneka chinalowa m'chombo n'kugoneka tulo anzake onse. Iye anabwerera pachitseko chachitsulo, n'kupeza chotseka. Anagogoda. Anagogodanso. Mpweya wa m'chovala chake unali kutha. Kenako nyimbo yozizira ngati mluzu inayamba, malemba n'kukwera, filimu n'kuthera pomwepo.

"Iyi ndi ya ana," anatero Gelevazio, koma anaionetsabe masana a tsiku la msika. Munthu wotuluka kunja uja atangoonekera, lilime linathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Uyu ndi Selevasi! Mwamuona? Anatsanzika kuti akupita ku Joni, kodi anapitirira mpaka kumwezi!"

Chipinda chonse chinagwa ndi kuseka. Pofika pachitseko paja, Gelevazio anatsanzira mawu a mkulu wake, okhuthala ndi okokakoka aja. "Odi! Odi kuno! Nanyoni, tsegula, kunja kuno kukuzizira!" Anyamata anamenya mabenchi, ena anapempha kuti ibwerezedwe. Anaibwereza tsiku limenelo, mawa lake, ndi mkuja wake.

Woyamba kudandaula anali a Dzoole, mkulu wokonza njinga pafupi ndi shooyo, amene paunyamata wawo anayendako ndi mathiraki mpaka ku Joni.

"Iwe Gele, chimkuzamawu chakochi uzizimitsa ukamapita kokadya. Masana onse changokhalira odi, odi. Ine mpaka kudzuka kukasuzumira."

"Madala, jenereta inali yozima. Makiyi anali m'thumba mwangamu."

"Ndiye kuti makutu anga akalamba," anatero a Dzoole, n'kubwerera ku sipokosi zawo. Koma sanaseke.

Patapita masiku, dalaivala wa lole yodzatenga mbatatesi anatsika pamsika akuyang'ana kumbuyo kwa galimoto yake. Anati pamphambano ya kumsewu waukulu anatenga munthu wa chikwama chimodzi, amene anakana kukhala kutsogolo. Munthuyo anafunsa ngati mayi wosoka uja akadali pakhonde lomwe lija. Msewu wonse dalaivalayo ankamuona pagalasi, atakhala pamatumba opanda kanthu, atazolika. Pofika pamsika, matumba okha.

"Anatsikira panjira ameneyo," anthu anatero.

"Mwina. Koma ine sindinaime paliponse."

"Nkhope yake inali yotani?"

Dalaivala anaganiza, anakanda m'mutu. "Mukudziwa, sindinaione. Nkhungutu."

Kenako odi uja anayamba kuyenda m'makomo. Sankabwera usiku ayi. Ankabwera masana nkhungu ikatsika, nthawi imene amayi amakhala akusenda mbatatesi m'nyumba. Mawu ake anali aulemu, osakweza, a munthu wotopa amene sakufuna kuvutitsa. Mayi wina anayankha kuti "Eee, lowani," n'kutsegula, ndipo anapeza pabwalo pali mbee, nkhuku zokha zitaima chilili zikuyang'ana malo amodzi. Mawuwo anamvekanso pakhomo loyandikana nalo, ngati munthu amene wasokera nyumba ndipo akuyesa khomo lililonse.

Tsangano yense anasiya kuyankha odi. Munthu ukafika pakhomo la mnzako unkayenera kutchula dzina lako, la bambo ako, ndi chimene wadzera. Katekisiti anaima nthawi yaitali pakhomo la mkhristu wake akuodira, a m'nyumba ali phee, mpaka anachita kuyamba nyimbo ya m'tchalitchi kuti amudziwe. Anthu ankaseka nkhani zotere pamsika, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Gelevazio anachita mantha, ngakhale sanauze munthu. Anaganiza zokonza cholakwacho mwa njira imene ankaidziwa. Anaikanso chimbale chija, anthu ochepa ali pamabenchi, n'kunena kuti, "Uyu ndi Jonasi, anthuni, Jonasi wa ku Lizulu." Palibe anaseka. Pofika pachitseko paja iye anatseka pakamwa dala, maikolofoni ataiika pamwendo. Munthu wa mufilimu anagogoda. Ndipo aliyense m'chipindamo anamva, chapansipansi, kuchokera m'chimkuzamawu, kupuma kwa munthu amene wayenda ulendo wautali. Gelevazio anaonanso china chimene sanachione kale. Munthuyo atagogoda komaliza, anatembenuza mutu pang'ono, galasi la chipewa chake n'kuloza kwa oonera. M'galasimo simunkaoneka kanthu, koma anthu anatuluka mmodzimmodzi osayang'anana.

Gelevazio anaganiza kuti mankhwala ake ndi gawo lotsatira. Azunguwo ayenera kuti anamutsegulira mnzawoyo, ndipo anthu akaona chitseko chikutseguka, zonse zitha. Anapita ku Ntcheu, anthu a zimbale anapukusa mitu. Anakwera mpaka ku Lilongwe, kumene mwenye wina wachikulire wogulitsa mafilimu anachiyang'ana chimbalecho pa makina ake n'kuseka.

"Zakalekale izi, bwana. Masewero amenewa magawo ena anasowa. Eni ake omwe kwawoko anataya, sankadziwa kuti adzawafuna. Mwina lotsatiralo kulibe dziko lonse lapansi."

Gelevazio anabwerera m'minibasi ali duu, iye amene ankaseketsa anthu ulendo wonse.

Masana ena, shoo ili yotseka, anamva makina osokera aleka kulira kusitolo kuja. Posakhalitsa chiguduli chinasuntha, ndipo analowa Nanyoni. Chibadwire anali asanapondemo m'chipindamo. Anakhala pabenchi yakutsogolo, n'kukonza chitenje chake.

"Alamu, ndamva kuti amuna anga ali mu kanema wanu."

"Alamu, zinali zocheza chabe. Pakamwa pangapa mukupadziwa."

"Ndikupadziwa. Kapu yawo yachitsulo ija, imene ndinaisunga pansi pa sutikesi, ndikumaipeza pakhonde m'mawa. Ndikaibweza, mawa ili pakhonde." Anayankhula modekha ngati akunena za ulusi umene watha. "Pakhomo langa pokha ndi pamene sanaodirepo. Amafika, ndimamva mapazi, amaima. Kenako amapita kwa aneba. Ndikuganiza kuti akuchita manyazi. Ikani ndione."

Gelevazio anafuna kukana, koma mlamu wake sanali munthu womukaniza. Analiza jenereta. A Dzoole anasiya njinga n'kudzatsamira pakhomo, kunja kwa chiguduli. Filimu inayenda popanda womasulira, Chizungu chokhachokha, ndipo Nanyoni anaonera yonse manja ali pamiyendo. Anaona munthu uja akutuluka, anzake akugona, iye akugogoda. Nyimbo ija inalira, malemba anakwera, galasi linatsala la buluu.

"Ndiye amutsegulira liti?"

"Gawo lake kulibe, alamu. Ndafunafuna mpaka ku Lilongwe. Linatayika."

"Ndiye kuti chiyambire ali pachitseko pomwepo?"

Gelevazio anavomera ndi mutu.

"Mzunguyo si wanga, za iye adziwa abale ake," anatero Nanyoni. "Koma inu munaitana dzina la munthu, munamuika pakhomo, munamuodiritsa ndi mawu ake omwe. Wamva, wabwera. Simungamusiye panja. Mawu a m'filimu mumaika ndinu. Malizani."

Apa m'pamene Gelevazio anagwidwa ndi chisoni chimene anachithawa zaka zonsezi. Ankadziwa bwino lomwe kuti munthu wamoyo sakwera lole n'kusowa panjira. Kumutsegulira Selevasi kunali kuvomera kuti kulibe nkhuku, kulibe akazi a ku Joni, kulibe tsiku limene mkulu wake adzatsike basi kuti iye amukalipire kenako amukumbatire.

"Alamu, ndikatero ndiye kuti basi," anatero Gelevazio.

"Inde. Ndiye kuti basi. Ine ndatopa, alamu. Nayenso watopa."

A Dzoole anatsokomola kunja kwa chiguduli. "Gele, ndilankhuleko. Ife tikamanyamula maliro kuchokera ku Joni, sitinkangoyendetsa galimoto ngati tanyamula simenti. Tinkamuuza mwini wakeyo malo alionse. Tafika pakuti, tikuoloka mtsinje wakuti. Ukapanda kumuuza, thupi limafika koma iye amatsalira m'njira, n'kumasokera. Uyu palibe anamuuza. N'chifukwa chake akugogoda makomo a eni."

"Ine njira ya ku Joni sindiidziwa, madala."

"Ndikuuza ine. Iwe uzingonena."

Gelevazio anatola maikolofoni. Anayang'ana galasi la buluu lija, ndipo kwa nthawi yoyamba pantchito yake analankhula ndi mawu akeake, osatsanzira munthu.

"Achimwene, ndine Gelevazio. Chokanipo pachitseko cha azungupo, si panu. Tiyeni kumudzi."

A Dzoole ankanong'oneza, iye n'kumabwereza. "Tanyamuka mu Joni, achimwene. Tafika pa Musina. Uwu ndi mlatho wa Limpopo, tikuoloka, musatsalire." Chimkuzamawu chapanja chinkatulutsa mawuwo pamsika wonse. Chigayo chinazima. Amayi ogulitsa kabichi anasiya kuitanira malonda, anyamata a kabaza anatsika panjinga zawo. Palibe anafunsa kuti ndi filimu yanji.

"Tadutsa Harare. Pano ndi pa Nyamapanda. Kukutentha, ndi ku Tete kuno, uyu ndi Zambezi, gwirani chikwama chanu tioloke. Tafika pa Zobue. Achimwene, mwaponda kwanu tsopano, ino ndi Mwanza."

Apa a Dzoole anasiya kunong'oneza, chifukwa kotsalako Gelevazio ankakudziwa yekha. Anamukhotetsa pa Zalewa, anamudutsitsa pa Ntcheu, anamutsitsa pamphambano. Anamukweza msewu wafumbi, akutchula midzi, milatho ing'onoing'ono, munda wa malemu bambo awo, chitunda chimene iye Gelevazio anagwerapo pophunzira njinga. Mawu ake anali atakhazikika, ngati a munthu amene akutsogolera wakhungu.

"Uwu ndi msika. Musapite kwa aneba. Dutsani pachigayo, mukhotere kuseri. Alamu ali muno, akukudikirani. Palibe wakwiya nanu."

Anaika maikolofoni pansi. Kunali bata loti ukanamva nsabwe ikuyenda. Kenako kunja kunamveka a Dzoole akusuntha mapazi, monga achitira munthu popatsa njira wamkulu.

"Odi."

Mawuwo sanachokere m'chimkuzamawu. Anachokera pakhomo, kuseri kwa chiguduli, pafupi kwambiri.

Anayankha ndi Nanyoni, osatembenuka.

"Lowani, bambo a Sitela."

Chiguduli chinasuntha pang'ono. Munalowa kamphepo kozizira, ndi fungo la fumbi la m'misewu yakutali. Gelevazio anayang'ana pansi, ndipo mpaka lero amati sanaone kanthu chifukwa sanafune kuona. Anangomva benchi yakutsogolo ikulira, mbali imene panalibe munthu.

Nanyoni anasendera pang'ono kuti apereke malo. Anayamba kulankhula chapansipansi, maso ali pagalasi la buluu, ngati mmene amachezera anthu amene akhala m'banja nthawi yaitali. Anati Sitela anakwatiwa ku Doviko ndi mnyamata waulemu, ndipo ali ndi mwana wamwamuna wa mphumi ngati ya agogo ake. Anati denga la kukhitchini linagwa koma analikonza. Anati amayi a Selevasi anamwalira chaka cha njala chija, ndipo sanavutike nthawi yaitali. Anakhala chete, akumvetsera, kenako anagwedeza mutu.

"Ndamva. Musadandaule nazo. Mwafika, basi."

Kuzizira kuja kunayamba kuchepa, ndipo kunja kunamveka tambala, kenako mwana akuitana mnzake. Benchi siinalirenso.

Nanyoni anaimirira, anamasula chitenje n'kuchimanganso molimba m'chiuno. Nkhope yake inali youma. Anayang'ana mlamu wake, amene anali atakhala pansi pafupi ndi mgolo, misozi ikutsikira m'kolala ya malaya.

"Alamu, zimitsani jenereta. Tengani njinga mupite kwa amalume anu, mukawauze kuti a Selevasi atisiya. Auze adzukulu akonzeke mawa."

Gelevazio anadzuka, akupukuta kumaso ndi mkono. "Akandifunsa za thupi ndikati chiyani? Adzafuna kudziwa za galimoto yokawatenga."

"Mukawauze asavutike ndi galimoto," anatero Nanyoni. "Afika kale."

Anatuluka, anayenda mpaka pakhomo la nyumba yake, anakhala pansi pakhonde n'kuvula mpango kumutu. Gelevazio anali asanatuluke n'komwe mumsika ndi njinga yake pamene anamva mlamu wake akuyamba kulira maliro, ndipo amayi a pamsika, mmodzimmodzi, anavundikira malonda awo n'kulunjika kumeneko.